Ulemu kwa Nyongolotsi, Nduna Yaikulu ya M'chitini

Anthu a ku Ntcheu sasowa mawu akafuna kutamanda. Pa Nkolimbo, tsiku la Umhlangano, amuna ovala nthenga ndi zikopa amaponda ngoma mpaka fumbi kobo, ndipo Inkosi ya Makhosi Gomani V imalandira ulemu wake wonse. Ng'ombe ili ndi ulemu wake. Kachewere wa ku Tsangano ndi wotchuka ku Blantyre ndi ku Lilongwe komwe, kabichi wa pa Lizulu amakwera basi tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale mbewa imakwezedwa m'mwamba pa mpani m'mbali mwa msewu wa M1 kuti apaulendo aione bwino. Koma ilipo mbadwa imodzi ya boma limeneli imene imagwira ntchito usana ndi usiku, mapeto ake n'kufera anthu pa mbedza, osamvako ngakhale zikomo wa pakamwa. Ndiyo nyongolotsi. Bayethe ndi wa Inkosi yokha, ameneyo asakhudzidwe. Koma kuwomba m'manja kwa masiku onse, kumene ngakhale nyakwawa imalandira, nyongolotsi ikukuyenera.

Khalidwe lake ndi losowa. Ilibe maso, choncho siinasirirepo munda wa mnzake. Ilibe makutu, ndiye miseche ya pachitsime imaidutsa. Mano ilibe, mapapo ilibe. Imapumira pakhungu, ndipo chimene imapempha kwa dziko ndi chinyezi basi. Nyongolotsi iliyonse ndi yaimuna ndi yaikazi pamodzi, ngakhale kuti pobereka imafunabe inzake. Zikakumana ziwiri, zonse zimachoka zili ndi udindo woikira mazira. Mkangano wa chikamwini ndi chitengwa, umene watopetsa ankhoswe ambiri kuyambira ku Njolomole mpaka ku Senzani, kwa iyo unatha kalekale.

Ntcheu alibe gombe la nyanja. Usipa ndi utaka zimachita kubwera pa galimoto, zouma kale, ndipo mtengo wake umakwera pamodzi ndi mtengo wa mafuta. Nsomba yaiwisi imene banja la kumudzi lingadye osatulutsa ndalama imachokera mu Rivirivi, mu Livulezi, m'madambo a ku chigwa cha Bwanje, kapena m'timaiwe totsalira mvula ikatha. Msodzi wake kawirikawiri ndi mnyamata wa ku pulayimale, ndipo zida zake sizichedwa kuwerenga. Ndodo ndi bango kapena kansungwi. Chingwe ndi ulusi wosomola m'thumba la feteleza kapena m'tayala lakale. Mbedza amagula pa okala, ikasowa amapinda phini. Kanati ka njinga kamamiza chingwe, ndipo kachidutswa ka phesi kapena ka patapata woduka kamayandama pamwamba kuti kanene nsomba ikafika. Zonsezi mwana angathe kusintha, kubwereka, ngakhale kutola m'njira. Chimene sangapite kumtsinje popanda icho ndi chitini chokhala ndi dothi lonyowa pang'ono, ndi nduna zake zili m'katimo.

Kuipeza nduna imeneyi kuli ndi nzeru zake. Siikhala pamtetete pouma. Imakonda kuseri kwa bafa kumene madzi amayenderera, pansi pa nthochi, m'mphepete mwa khola, padzala, ndi m'dimba mothira manyowa. Malo amene anthu amadutsa atatseka mphuno ndiwo likulu lake. M'dzinja khasu limodzi limatulutsa zokwanira tsiku lonse. M'chilimwe imatsikira pansi, imadzipinda n'kudikira, ndipo mnyamata amatuluka thukuta asanaione.

Pa mbedza ndi pamene ukulu wake umaonekera. Wodziwa saibaya paliponse. Amailowetsa motsata kupindika kwa mbedza mpaka chitsulo chonse chibisike, n'kusiya kamchira kakulendewera kuti kazigwedera. Kugwederako ndiyo ntchito yonse. Nyambo zina zilipo, koma iliyonse ili ndi chilema chake. Ngumbi ndi zokoma kwa nsomba, koma zimatuluka nyengo ya mvula yokha, komanso msodziyo amazifuna m'mbale mwake. Chiwala n'chofuna kuthamangitsa. Nsima imasungunuka isanafike pansi. Ku Kariba ena amawedza milamba ikuluikulu ndi chidutswa cha sopo, koma mwana wa ku Kasinje atayesa kutenga sopo wa amayi ake kupita naye kumtsinje, nkhani yake ingathere pa chikwapu. Nyongolotsi ndi yaulere, imapezeka pafupifupi chaka chonse, ndipo imadzigwedeza yokha popanda kuuzidwa.

Mlamba ndiye bwenzi lake lenileni, ngati tinganene kuti wokudya ndi bwenzi. Mvula yoyamba ikagwa, madzi a mumtsinje akasanduka matope, mlamba sudalira maso. Umafufuza chakudya ndi ndevu zake, zimene zimamva fungo ndi kukoma, ndipo nyongolotsi yobayidwa imalengeza m'madzimo kuti yafika. Mlamba suchita zonyinyirika: kaphesi kamamira kamodzi, bango limapindika, mwana amakuwa. Matemba ndiwo opanda mwambo. Amajompha kamchira, amajomphanso, mpaka mbedza kutsala yokhayokha, mwini wake ali chiyang'anire kaphesi kakuvina. Ngakhale pamenepa nyongolotsi siilakwa. Yadyetsa ana a nsomba, amene adzagwidwe mwezi wamawa atakulako.

Pali kanthu kena kamene akuluakulu a ku Ntcheu amakadziwa. Makolo a Angoni, monga abale awo Azulu kumwera kumene anachokera, sankaiwerengera nsomba. Ndiwo ya munthu inali nyama ndi mkaka. Zidzukulu zawo lero zimanyambita zala pa mlamba wowamba wothira tomato. Pa kutembenuka kumeneku anthu amatchula maukwati ndi Achewa, kuchepa kwa ng'ombe ndi kukwera mtengo kwa nyama. Palibe amene amakumbukira mlaliki amene anatsikira m'madzi yekha kukaitana nsombazo.

Amene akukayika ukulu wa nyongolotsi ayang'ane ku America. Kumeneko kuli nsomba yotchedwa bass, ya kukamwa kwakukulu, yolusa, yodya nsomba zinzake, achule ndi chilichonse choyenda m'madzi. Inafika ku South Africa mu 1928, kenako inafalikira m'madamu a ku Zimbabwe, ndipo m'nthawi ya atsamunda inalowanso m'madamu ena a kuno ku Malawi. Ndi mlendo wosadziwa malire, moti ili pa mndandanda wa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikalowa m'dziko la eni. Koma kwa oikonda, nsomba imeneyi ndi chipembedzo. Amaigulira maboti othamanga, makina oonera pansi pa madzi, ndodo zopepuka zokhala ndi chopukusira chingwe, ndi mabokosi a nyambo zopanga odzaza ngati golosale ya pa Kampepuza madzulo a tsiku la malipiro. Muli tinsomba ta pulasitiki tokhala ndi mlomo wotimiza, tizitsulo tozungulira tonyezimira, achule a labala oyenda pamwamba pa udzu. Ina mwa nyambo zotchuka, ya Rapala, inayamba mu 1936 pamene msodzi wosauka wa ku Finland, Lauri Rapala, anasema kansomba n'kukakuta ndi pepala lonyezimira la chokoleti. Ameneyo ndi mnyamata wa mu Livulezi akanamvana msanga.

Tsono pakati pa chuma chonsechi, nyambo imene asodzi a bass ambiri amathawirako zinthu zikavuta ndi iti? Nyongolotsi ya pulasitiki.

Mu 1949 Nick Creme, wogwira ntchito ya makina mumzinda wa Akron ku Ohio, pamodzi ndi mkazi wake Cosma, anayamba kuphika pulasitiki kunyumba kwawo n'kumathira m'chikombole chimene anaumba potengera nyongolotsi yeniyeni. Malonda atakula, kampani yawo inasamukira ku Tyler ku Texas, kumene asodzi a m'madamu anapeza njira yobisa nsonga ya mbedza m'thupi la nyongolotsiyo kuti izidutsa m'zitsa ndi m'maudzu osakodwa. Njirayo mpaka lero imadziwika ndi dzina la Texas. Ena anatulukira yobaya pakati penipeni kuti mbali zonse ziwiri zizigwedera pomira. Gary Yamamoto anathira mchere wambiri mu yake yotchedwa Senko kuti izimira pang'onopang'ono ikunjenjemera. A kampani ya Berkley analemba ntchito akatswiri a sayansi kuti aike fungo ndi kukoma mu zawo. Kuchokera mu 1949 mpaka lero, anthu ophunzira akhala akusakaniza mankhwala kuti apange chinthu chofewa, chonunkhira kwa nsomba, chogwedera chokha. Chinthu chimenecho mwana wa ku Bilira amachifukula ndi khasu la agogo ake asanadye phala.

Umboni woposa wonse uli m'malamulo a mipikisano. Bungwe la B.A.S.S., limene Ray Scott anayambitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, linachititsa mpikisano woyamba wa Bassmaster Classic mu 1971 pa Lake Mead, wopambana n'kutenga madola 10,000. M'zaka zaposachedwa wopambana wakhala akutenga madola 300,000. M'mipikisano imeneyi nyambo yamoyo ndi yoletsedwa. Ya pulasitiki imalowa, mwini wake weniweni amatsala pachipata. Okonza mipikisano amati akufuna kuyesa luso la msodzi. Wokonda nyongolotsi akumva zina: osewera anagwirizana kuti katswiri asalowe m'bwalo kuti enawo apezeko mpata.

Chodabwitsa china n'chakuti nsomba zogwidwa pa mipikisanoyi amaziyeza pasikelo n'kuzibwezera m'madzi zamoyo. Nkhani imeneyi ikanenedwa pa Bawi kapena pa Manjawira, anthu angafunse ngati asodziwo ali bwinobwino. Munthu mmodzi yekha m'mbiri ya bass ndiye angalandiridwe ku Ntcheu monga mbale. Ndi George Perry, mlimi wachinyamata wa ku Georgia, amene mu 1932 anagwira bass yolemera makilogalamu 10 ndi pang'ono pa Montgomery Lake. Mbiriyo inakhala yosafikirika mpaka mu 2009 pamene Manabu Kurita anagwira yofanana nayo pa Lake Biwa ku Japan. Perry anaiyezetsa nsomba yake, n'kupita nayo kunyumba, banja n'kudya. Inali nthawi ya umphawi waukulu ku America, ndipo iye anapita kukawedza ndiwo.

Kumaiko ena nyongolotsi yamoyo ili ndi msika. M'mbali mwa msewu wochoka ku Harare kupita ku Kariba, cha ku Banket ndi Chinhoyi, dera la mafamu kumene kuli zidzukulu zambiri za Amalawi amene anapita kukagwira ntchito ya fodya, anthu amagulitsa nyongolotsi kwa opita kunyanja. Zikwangwani zawo zimazitcha maina a njoka zoopsa, anaconda ndi mphiri, kuti wogula adziwe kuti si zamasewera. Ku Ontario ku Canada anthu amazitola usiku m'minda atavala nyali pamphumi ndi zitini m'miyendo, ndipo zimatumizidwa ku America miyandamiyanda. Ku Sopchoppy ku Florida amakhoma chikhomo pansi n'kumachikhula ndi chitsulo. Nthaka ikanjenjemera nyongolotsi zimatuluka zokha. Katswiri wina, Kenneth Catania, anaonetsa mu 2008 kuti zimathawa poganiza kuti kukubwera kanyama kofukula pansi kamene kamazidya. Ku Willaston ku England kuli mpikisano woitana nyongolotsi kuyambira mu 1980, ndipo mu 2009 mtsikana wa zaka 10 anatulutsa 567 pa theka la ola. Ku Ntcheu luso lotere likadali lobisika kuseri kwa bafa.

Ngakhale ikanakhala kuti siinaonepo mbedza, nyongolotsi ikanayenerabe ulemu. Charles Darwin anaifufuza kwa zaka pafupifupi 40, ndipo buku lake lomaliza, la mu 1881, linali la nyongolotsi. Anaziimbira zitoliro, sizinatekeseke. Ataika mphika wake pamwamba pa piyano, zinabisala chifukwa cha kunjenjemera. Anawerengera kuti m'madera ambiri a ku England dothi loposa matani 10 pa ekala limadutsa m'mimba mwa nyongolotsi chaka chilichonse. Imameza dothi ndi masamba owola, imatulutsa chonde, ndipo timauna take timalowetsa mpweya ndi madzi a mvula pansi. Mlimi wa ku Tsangano akatembenuza mzere n'kuona zikuphiriphitha amadziwa kuti manyowa agwira. Kumene mitengo yatha, mapesi amatenthedwa ndipo nthaka yagwa mphwayi, nyongolotsi imasamuka, madzi amathamanga pamwamba atanyamula dothi kupita nalo kumitsinje. Anthu a ku Ntcheu ndi Balaka amene anaona damu la Mpira litauma mu 2018, mipopi ili gwa, sakufunika kuwafotokozera kufunika kwa madzi olowa pansi. Nyongolotsi yokha siikanalipulumutsa damulo, koma pa onse okhala m'dera lozungulira, ndi yokhayo imene siinadulepo mtengo kapena kuwotcha makala.

Zolakwa zake zilipo, n'zoona, ndipo zonse ndi za ena. Chitini chikaiwalika padzuwa masiku awiri, fungo lake limathamangitsa ngakhale galu, koma woiwala si nyongolotsi. Ikaduka pakati ndi khasu, ana amati zasanduka ziwiri. Zoona zake n'zakuti mbali ya kumutu ndiyo ingapole, ya kumchira kawirikawiri imafa, ndipo palibe amene amapepesa. Mayi akaona chitini pakhonde amakalipa: "Iwe, chotsa zonyansa zakozo pano, anthu amadyera pomwepa!" Madzulo mayi yemweyo, mlamba uli pamoto, amauza anansi kuti mwana wake ndi mwamuna ndithu. Bambo amayamikira msuzi. Agogo amapempha mutu. Mnyamata amakulitsa nsomba imene inapulumuka, ndipo mlongo wake amamutsutsa.

Zotsala m'chitini, zimene zinaperekeza zinzake kumtsinje n'kubwerako zamoyo, sizilandira mendulo. Mnyamata amazikhuthulira pabwalo, tambala amaitana akazi ake, ndipo nkhuku yonenepa bwino pa zonsezo ndi imene adzaphere apongozi akadzabwera pa Khirisimasi.