A Phiri awiri, mzere umodzi

Kwa Kaphuka, mukaitana "a Phiri!" pamsonkhano wa feteleza, amadzuka anthu okwana timu ya mpira. Mlembi wa amfumu sadandaula: awa ndi a kachewere, awo ndi a kuseri kwa tchalitchi. Kompyuta ilibe ulemu wotere. Mu dict (mndandanda) ya chilankhulo cha kompyuta cha Python, dzina likalowa kachiwiri, wobwera mochedwa amalanda malo, woyambayo n'kufufutika popanda maliro. Mu std::map ya C++, insert imasunga woyamba, wachiwiri n'kubwezedwa pachipata. Pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020 inkafunsa chiphaso cha unzika, osati dzina lokha. Za dict ndi std::map zija zinalembedwa bwinobwino m'malangizo a zilankhulozi, kungoti anyamata athu a kompyuta amakawerengako munthu mmodzi atasowa kale pamndandanda.