Bwana, Galimoto Yatani?

Mumzinda wa Blantyre munthu wa tayi sayenda wapansi popanda chifukwa chomveka. Akangoyerekeza kutero, magalimoto amayamba kuchepetsa liwiro asanafike n'komwe pa Ginnery Corner. Woyamba amatsitsa galasi ndi nkhope ya pamaliro: "Bwana, galimoto yatani?" Wachiwiri safunsa, amangotsegula chitseko. Wachitatu amangoyang'anitsitsa n'kudutsa, ndipo pofika madzulo mpingo wonse umakhala utamva kuti a Uje ntchito yatha, galimoto a banki alanda, komanso akuoneka owonda.

Anthu amenewa tisawaseke. Tonse tinaleredwa ndi chiopsezo chimodzi: limbikira sukulu, apo ayi udzapsa ndi dzuwa. Dzuwa linali chilango cha olephera mayeso. Okhoza analonjezedwa mpando wozungulira, fani ndi mimba, ndipo lonjezolo linakwaniritsidwa lonse. Munthu amatuluka m'nyumba ya mpanda n'kulowa m'galimoto ya magalasi akuda, geti amutsegulira mlonda, chakudya chamasana atuma mesenjala, ndipo 5 koloko ikakwana amabwerera momwe anadzeramo. Zoti kunja kwatentha amazionera pa foni.

Kenaka limafika tsiku loti adokotala amange chopimira chija pamkono, ayang'ane manambala, avule magalasi. BP yakwera, shuga ali pakhomo.

"Bwana, mumayenda?"

"Kwambiri, adokotala. Mwezi wathawu ndinali ku Lilongwe, kenaka ku Mangochi ku wekishopu."

"Ndikunena ndi miyendo yanuyi."

Zimene adokotala amapempha ndi zochepa mochititsa manyazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo ndawala ya mphindi 30 masiku asanu ndi yokwanira. Ndawala imathandiza kutsitsa BP, minofu ikamagwira ntchito imayamwa shuga wa m'magazi, dzuwa likagunda khungu thupi limapanga vitamini D wolimbitsa mafupa. Zonsezi ndi zaulere, ndipo vuto lagona pamenepo. Mankhwala aulere bwana sawakhulupirira.

Choncho sabata yoyamba imathera m'magolosale. Nsapato zothamangira (za kaunjika wa ku Limbe zikachapidwa bwino palibe amene angadziwe), trakisuti, chipewa, botolo la madzi, ndi wotchi yowerenga mapazi. Musaganize kuti zovalazi ntchito yake ndi kuyamwa thukuta. Ndi chidziwitso kwa onse odutsa kuti munthu uyu akuyenda mwa kufuna kwake, galimoto ili bwinobwino pakhomo, mafuta alimo. Ena, poopa kuti uthengawo sunamveke, amagwirizira kiyi wa galimoto m'manja kuti azilira.

Wotchi ija imafuna mapazi 10,000 pa tsiku. Nambala imeneyi sinachokere kuchipatala. Inatchuka m'zaka za m'ma 1960 kampani ina ya ku Japan ikutsatsa kachipangizo kake kowerengera mapazi, koma bwana amaiopa ngati lamulo la khumi ndi chimodzi la Mose. Ikakwana 9 koloko usiku iwo ali pa 2,300, amakhala pa sofa n'kumagwedeza mkono uku akuonera nkhani. Anzeru zakuya amaveka wotchiyo mnyamata wantchito pomutuma kumsika, madzulo n'kujambula zotsatira zake, kutumiza pa WhatsApp, anzawo n'kumayankha ndi tizithunzi ta moto.

Nthawi ndiye imasowa, ndipo chaka chathu chinakonzedwa mowamvera chisoni anthu otanganidwa. Januwale ndi Febuluwale kuli mvula. Juni ndi Julayi kuli chiperoni, munthu angatenge chibayo. Ogasiti fumbi. Okutobala dzuwa loswa mtengo, ngakhale adokotalawo sangalole. Disembala maphwando, tiyamba chaka chatsopano. Loweruka kuli chinkhoswe m'mawa, ukwati masana, ndipo bwana amaumirira kuti kuvina kwa perekaniperekani kuziwerengedwa, poti munthu amanyamuka pampando kangapo ndithu, thumba nalo n'kupepuka. Lamlungu ndi la Mulungu mpaka 12 koloko, kuchokera apo ndi la Maule ndi Manoma, masewera olimbitsa thupi omwe bwana amawachita mokhulupirika atakhala pansi.

Komabe mantha a sitiroko si masewera. Tsiku lina mbandakucha bwana amadzuka, kuvala zonse zija, kukwera galimoto, kuyendetsa makilomita angapo kukafika pamalo oyenera kuyendapo munthu waulemu wake. Atsika, akonza wotchi, ayamba. Posakhalitsa amazindikira kuti msewuwo uli ndi eni ake. Anthu a ku Ndirande, ku Mbayani, ku Chilomoni ali kale pa ulendo wa ku Makata ndi m'tauni, kontena ya nsima yadzulo m'jumbo, nsapato yothera mbali imodzi. Salankhula zambiri, samwa madzi, alibe wotchi, ndipo onse akumupitirira. Mayi wa dengu la nthochi pamutu, mwana kumbuyo, amupitirira. Mkulu wa imvi wokankha njinga ya makala pamtunda amupitirira, n'kupatsa moni mpweya uli wokwanira.

Pamene bwana agwira m'mawondo, thukuta lili kamukamu, kupuma kuli wefuwefu, amamva mawu odziwika kumbuyo.

"Mwadzuka bwanji, bwana? Ndikunyamulireni botololo?"

Ndi mlonda wawo, waweruka, akupita kwawo wapansi atachezera usiku wonse. Ndi yemwe uja anapempha kuti amuwonjezereko ya thiransipoti mwezi watha, bwana n'kumuyankha kuti zinthu zavuta, komanso kuyenda n'kothandiza m'thupi, adokotala atero.

Poona kuti kuyenda wekha kuli ndi zokhumudwitsa zotere, anthu a m'tauni anapeza njira yomwe timathetsera mavuto onse: kupanga gulu. Gulu lokwera mapiri limayamba ndi komiti. Pamakhala tcheyamani, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma ndi mkulu wosungitsa mwambo. Misonkhano yoyambirira imachitikira pa loji, anthu atakhala pansi pa mthunzi, ndipo nkhani yaikulu imakhala mtundu wa matisheti. Ena akufuna obiriwira, ena akuti mtundu umenewo ukufanana ndi chipani, ena atuluka m'gulu. Msonkhamsonkha umatenga miyezi iwiri.

Mzindawu unazunguliridwa ndi mapiri. Soche, Ndirande ndi Michiru amaonekera pazenera la ofesi, ndipo ku Michiru kuli Njira ya Mtanda yomwe amayi achikulire a ku Chilomoni amakwera akuimba. Koma phiri loti wa kabaza angakufikitse m'tsinde mwake si phiri lojambulitsa. Komiti imasankha Mulanje, poti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002 ndipo nambalayo imaoneka bwino pa tisheti.

Amafika pa Likhubula dzuwa litakwera kale, chifukwa tcheyamani anachedwa. Zikwama, sipika ndi bokosi la zoziziritsa kukhosi amasenzetsa anyamata onyamula katundu, omwe ena mwa iwo chaka ndi chaka amathamanga mpikisano wa makilomita oposa 20 kukwera ndi kutsika phiri lomwelo. Ulendo uyambika ndi pemphero ndi chithunzi. Pakangotha kanthawi nyimbo zatha, nthabwala zatha, madamu wina watambasula ambulera poopa kuda, msungichuma wakhala pamwala akuti akufuna kuyamikira chilengedwe. Kutsogolo kukutsika mtsikana wa mtolo wa nkhuni, patapata kuphazi.

"Achemwali, kwatsala patali?"

"Ayi, ndi pompa."

"Pompa" wa kumudzi tonse timamudziwa, koma amatipusitsabe. Gulu limafika pa Dziwe la Nkhalamba litatheratu, n'kugwirizana mosatsutsana kuti Sapitwa ali ndi mizimu, ndipo anthu opemphera sayenera kuyesa Mulungu. Zithunzi zimajambulidwa mochenjera, kamera ili pansi kuloza kumwamba, kuti mtambo uoneke uli pafupi ndi chipewa. Pobwerera amaima pogula nanazi, aimanso pa kanyenya, aimanso pa chiwaya cha tchipisi, ndipo mlembi amalemba m'buku kuti ulendo unayenda bwino kwambiri, wotsatira tidzamva kwa komiti.

Alipo ndithu ena amene amapirira. Amayamba kutsika minibasi siteji imodzi asanafike, amakagula okha chakudya chamasana, madzulo amazungulira ndi ana awo m'dera mwawo osavala china chilichonse chapadera. BP imatsika, tulo timabwera, lamba amabowola bowo latsopano. Amenewa ndi amene amakumana ndi chiyeso chachikulu. Kuntchito anthu amayamba kuwalankhula mofatsa. Kutchalitchi wina amawagwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti tikukupemphererani. Mbiri imafika kumudzi, ndipo Lachisanu lina mayi awo amatsika basi pa Wenela ndi thumba la ufa woyera ndi nkhuku yamoyo, osaimba foni.

Amamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kutembenukira kukhitchini.

"Apongozi, mwana wangayu mukumudyetsa koma?"

"Amayi, ndi adokotala anati aziyenda."

"Aziyenda? Ine ndinagulitsa mbuzi zanga zonse kuti ameneyu asamayende."

Nkhuku imaphedwa usiku womwewo, ndipo mlonda amauzidwa kuti m'mawa geti asatsegule mpaka bwana atamwa phala la nsinjiro n'kulowa m'galimoto.