Vuto ndi Lenzi, Mwini Wake Alibe Mlandu

Pali kagulu ka anthu, ine ndili momwemo, kamene kali ndi malenzi a kamera ochuluka kuposa zithunzi zoti nkupachika pakhoma. Sindikunena anzathu ojambula pa maukwati ndi pa zinkhoswe ayi. Iwo ali ndi lenzi imodzi yosupuka utoto m'mbali, ndipo imeneyo ndiyo imalipira lendi ndi fizi ya ana. Ndikunena ife ojambula mongodzisangalatsa, amene kamera sinatipatseko ngakhale tambala, koma mayina a malenzi timawatchula mosadodoma kuposa mayina a ana a achimwene athu. Anthu amati timamwaza ndalama, popeza chaka ndi chaka tikugula koma zithunzi zathu zili chomwechija. Kuti zithunzi sizisintha, nzoona. Koma zoti ndalama zapita padera ndikukana, chifukwa otinenawo sanaone chimene timagula. Ife timagula chowiringula. Timagula ufulu woti chithunzi chikatuluka chonyansa tinene mosaphethira kuti chalakwika chifukwa cha lenzi imene tilibe. Munthu wamkulu amene kwaya inamukana, mpira unamuthawa kalekale, ayenera kukhala ndi kanthu kamodzi kamene angamakhulupirire kuti akanakachita bwino zipangizo zikanakwana, ndipo chikhulupiriro choterocho sichipezeka chaulere.

Umboni woyamba uli pa manambala olembedwa m'mphepete mwa lenzi. M'kati mwake muli kabowo kolowetsa kuwala, ndipo kukula kwake amakulemba ndi chilembo f: nambala ikachepa ndiye kuti bowo lakula, kuwala kukulowa kwambiri, ndipo zinthu za kumbuyo kwa munthu wojambulidwa zimasanduka chizimezime. Makamera ambiri a oyamba kumene amabwera ndi lenzi ya 18-55mm imene imatseguka kufika pa f/3.5 basi. Munthu ukajambula nayo miyezi ingapo, zithunzi zili mbuu, umauzidwa kuti mankhwala ake ndi 50mm f/1.8, yotchipa ndiponso yabwinodi. Ukaigula umamva kuti iliponso ya f/1.4, imene kuwala kwake sikufika ngakhale powirikiza kawiri koma mtengo wake umawirikiza mosanyengerera. Pamwamba pake pali f/1.2. Pamwamba pa imeneyo pali Noctilux f/0.95 imene kampani ya Leica inatulutsa mu 2008, ya mtengo wopitirira madola 10,000. Ndipo ngati wina atagulitsa munda nkuigula, adzauzidwabe za Planar 50mm f/0.7 imene a Carl Zeiss anapangira bungwe la NASA. Anapanga 10 okha, atatu mwa iwo anatenga Stanley Kubrick nkujambulira mbali zina za kanema wa Barry Lyndon wa mu 1975 pogwiritsa ntchito kuwala kwa makandulo. Kwa anthu ngati ife, amene magetsi akathima timakhalanso pakandulo, nzodziwikiratu kuti lenzi imeneyo ndiyo inali yathu. Makwerero amenewa alibe pothera pamene munthu wapamalipiro a pamwezi angafike, motero chowiringula chathu chidzatiperekeza mpaka kumanda. Zoti malenzi onsewa ukawatseka kufika pa f/8 masana dzuwa lili phwee amatulutsa zithunzi zovuta kusiyanitsa, komanso zoti dzuwa kwathu kuno silisowa, timazidziwa bwinobwino. Sitizikamba pagulu.

Taonaninso mmene timayesera lenzi ikangofika. Sitipita kumsika kapena kudambwe kumene kuli anthu ndi zochitika. Timaima moyang'anana ndi khoma la njerwa, nkulijambula pa f/1.8, pa f/2.8, pa f/4, mpaka manambala atatha. Kenako timakhala pakompyuta usiku, kukulitsa chithunzi kuti tione ngati njerwa ya pakona yeniyeni ikuoneka ngwee ngati ya pakati. Khoma ndi lokoma mtima: siliphethira, silitembenuka, silifunsa kuti bwanji mwandinenepetsa, ndipo palibe amene anganene kuti wojambula khoma anachedwa kudina batani. Tikachoka pakhoma timapita kwa mphaka. Anthu timawafikira pomaliza, ndipo mpamene luso la ndalama zathu limaonekera. Ukajambula nkhope pafupi pa f/1.2, diso limaoneka bwino koma khutu layamba kale kusungunuka, ndipo nyumba yamalata imene mwiniwake anaima dala patsogolo pake kuti abale a ku Joni aione yafufutika yonse. Chithunzicho chimapita pa WhatsApp, imene imachichepetsa nkutaya zonse zimene tinkayang'ana pakona paja, ndipo wolandira amafunsa mwaulemu ngati kamera inali itadwala.

Otsutsa ophunzira amakonda kutiponyera dzina la Henri Cartier-Bresson, Mfalansa amene anathandiza kuyambitsa bungwe la ojambula la Magnum mu 1947. Amati bambo ameneyu anazungulira dziko lapansi ndi kamera ya Leica, nthawi zambiri ili ndi lenzi ya 50mm yokha, ndipo zithunzi zake zikuphunzitsidwabe m'masukulu. Malangizo awo ndi akuti tisunge lenzi imodzi chaka chathunthu, tiphunzire kuona. Sindikutsutsa mbiriyo, koma malangizowo ndi oopsa. Cartier-Bresson anali ndi diso, choncho analibe chobisa. Munthu wamba ukamusiyira lenzi imodzi miyezi 12, pofika mwezi wachitatu adzakhala atatulukira chimene chimavuta pa zithunzi zake, ndipo chimenecho sichigulitsidwa m'sitolo iliyonse. Adokotala abwino sauza wodwala zonse tsiku limodzi. Nanga bwanji ife tidzichitire nkhanza zotere patokha, pa ndalama zathu zomwe?

Umboni wondikhutiritsa kwambiri ndi zimene zimachitika munthu akakhwima m'gululi. Atatha zaka akusakasaka lenzi yopanda chilema, amatembenuka nkuyamba kusaka ya chilema. Imene imatchuka ndi Helios-44, ya 58mm f/2, imene mafakitale a Soviet Union anapanga miyandamiyanda potengera kapangidwe ka Biotar ya Zeiss, nkumaimangirira pa makamera a Zenit. Pakati pa chithunzi imagwira bwino, koma masamba a mitengo ya kumbuyo imawazunguza ngati wojambula anamva chizungulire. Akatswiri opanga magalasi anavutika zaka zambiri kuchotsa vuto limeneli, ife tikulilipirira ndi ndalama zotumizira zomwe. Palinso Super-Takumar 50mm f/1.4 ya Asahi Pentax, imene ena mwa magalasi ake anasakanizidwa ndi thorium, ndipo pakapita zaka amasanduka achikasu. Eni ake amaiyanika padzuwa masiku angapo kuti iyere, kapena amaisiya choncho nkumati zithunzi zake nzofunda. Lenzi imene Joseph Petzval anaiwerengetsera masamu ku Vienna mu 1840, kuti anthu asamakhale nthawi yaitali osagwedezeka pojambulidwa, inapangidwanso mwatsopano mu 2013 ndipo anthu anaikhamukira. Makamera amakono opanda kagalasi kotembenuza kuwala m'kati anakolezera moto, chifukwa ndi kamphete kolumikizira ka ndalama zochepa ungamangirirepo pafupifupi lenzi iliyonse yakale. Pamenepa chowiringula chimakwezedwa paudindo. Chithunzi chosaoneka bwino sichifunikanso kupepesera. Timangoti ndi khalidwe la lenziyo, ndipo amene sakuliona kukoma ndiye wosadziwa. Ndiuzeni ntchito ina pansi pano imene zolakwika zimalandira ulemu wotere.

Chitsutso cholemera chimachokera m'nyumba, kwa amene amadziwa mtengo wa thumba la feteleza. Yankho lathu lokonzeratu ndi lakuti lenzi ndi chuma chosungika. Thupi la kamera limakalamba msanga ngati foni, pamene lenzi yabwino imagwira ntchito zaka makumi angapo, ndipo mtengo wake umayendera dola. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malenzi onse a m'makabati athu anakwera mtengo tili mtulo. Mfundoyi imamveka bwino kwambiri bola asafunse mafunso. Chuma chimatchedwa chuma ngati mwini wake angachigulitse, koma wa gulu lathu akagulitsa lenzi ndiye kuti waona ina yokwera mtengo kuposa. Komanso nyengo ya dzinja chinyezi chimalowa m'kabati, nkhungu nkuyamba kumera m'kati mwa magalasi ngati kangaude, ndipo ikakhalitsa imadya utoto wopyapyala wa pagalasi osabwereranso. Lenzi yogula kwa munthu imatha kunyezimira kunja, koma ukaiwalitsa ndi tochi umakumbuka chikomekome cha mkuyu. Nawo makampani sagona: mu 1987 Canon inasiya polumikizira pa FD nkuyamba EF, eni malenzi akale nkutsala m'malere, ndipo mu 2018 Canon ndi Nikon onse anabweretsa polumikizira patsopano, RF ndi Z. Choncho ndivomere kuti monga banki, kabati yathu ndi yokayikitsa. Koma a m'nyumba aganizirenso kumene ndalama za abambo ena zimathera. Lenzi siifikitsa munthu pakhomo pakati pa usiku akuimba, ilibe nambala ya foni yoti ibisidwe, ndipo mwini wake Loweruka lonse amapezeka kuseri kwa nyumba akuyang'anizana ndi khoma.

Mdani weniweni ndi foni. Pamwambo uliwonse pamakhala kamnyamata kamene kamatulutsa foni m'thumba nkujambula agogo akuseka, nthawi imene ife tawerama m'chikwama kusankha pakati pa 35mm ndi 85mm, fumbi la Okutobala likulowa m'kamera yotsegula. Foniyo imatha ngakhale kufufuta za kumbuyo pogwiritsa ntchito masamu a m'kati mwake, popanda galasi lolemera. Anthu amachikonda chithunzi cha mnyamatayo, nkuchiika pafoni zawo. Ife tili ndi poyankhira: mukachikulitsa bwinobwino mudzaona kuti foni yadula tsitsi la agogo m'mbali mosalongosoka, pomwe lenzi yeniyeni ikanalisunga lonse, ikanakhala kuti inamangiriridwa nthawi yake. Komanso foni singakoke nkhwazi ili pamtengo kutsidya kwa Shire ku Liwonde. Kunena zoona 70-200mm f/2.8, yolemera pafupifupi kilogalamu ndi theka, nayonso imaperewera pamenepo, nkhwazi imatuluka ngati kadontho. Kampani ya Sigma inapanga 200-500mm f/2.8 yolemera pafupifupi makilogalamu 16, yokhala ndi batire yakeyake, yofuna munthu wina wothandiza kunyamula. Mpaka tsiku limene ndidzaiyese, palibe ali ndi umboni woti sindidziwa kujambula mbalame, ndipo mtengo wake ndauona, tsikulo silili pafupi.