Titanic Sinamire ku Kaunda Square

Mabuku onse amagwirizana kuti sitima ya Titanic inamira m'nyanja ya Atlantic mu April 1912. Amene analemba mabukuwo sanafikeko ku Kaunda Square Stage 1. Kumeneko, m'kanyumba ka zipinda ziwiri komwe mlembi wanu ankachita lendi, sitimayo inawomba chimwala cha madzi oundana maulendo osawerengeka, madzi n'kudzaza m'makonde, anthu n'kumathamanga uku ndi uku, koma kumira ayi. Mpaka lero ikuyandama, ndipo mlandu wake uli pamutu pa mlembi wanu yemweyu.

Nkhaniyi inayamba mu 2003, nthawi ya a Mwanawasa, chaka chimene Zambia inatulutsa ndalama zapulasitiki za K500 ndi K1,000. Masiku amenewo aliyense wapantchito ankawerenga malipiro ake m'mapini mazanamazana, n'kumadziona ngati mpondamatiki mpaka pa 5 mwezi. Mlembi wanu anali m'chilimba cha anthu asanu ndi mmodzi kuntchito, ndipo itakwana nthawi yake yolandira, mayi a kunyumba anali atayeza kale ndi chingwe malo oikapo furiji. Iye anapita m'tauni m'mawa ndi mawu akuti furiji pakamwa. Anabwerako madzulo ndi kakatoni kopyapyala m'khwapa.

"Furiji yake ndi imeneyi, a bambo ake Junior?" anafunsa mayiwo.

Iye anafotokoza modekha, ngati mphunzitsi wa ku Munali, kuti chimenechi ndi DVD, makina amene anatuluka ku Japan mu November 1996 n'kufika ku America mu March 1997, ndipo kuti m'kambale kamodzi kong'anima mumalowa filimu yathunthu popanda tepi yoti deki itafune. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati kapenta angasungikemo.

Chimene iye sananene n'chakuti pobwera anatsika basi siteji imodzi isanakwane yake, dala, kuti ayende wapansi msewu wonse katoni ili poonekera, zilembo zikuyang'ana kunja. Anaima pa kantemba kugula machesi amene sankawafuna. Anapatsa moni anthu amene sanawapatsepo moni chisamukireni. Mumzere wonse wa nyumba zawo munali madeki awiri a matepi, ndipo ana ankaonera Rambo ndi Commando m'tizisakasa ta vidiyo kumsika, atakhala pa mabenchi, chithunzi chikugwa chipale ngati mvula ya matalala. Mlembi wanu anali atatsimikiza mtima kuti adzakumbukiridwa ngati munthu amene anabweretsa chitukuko.

Chitukukocho chinabwera ndi nthambo zitatu: yachikasu ya chithunzi, yoyera ndi yofiira za mawu. TV ya m'nyumbamo, imene anasiyiridwa ndi malume ake, inali ndi bowo limodzi lokha kumbuyo, la eriyo yogwirira ZNBC. Anaitembenuza, anaiunika ndi kandulo, anaigogoda pang'ono. Bowo linakhalabe limodzi.

Kwa masabata atatu makinawo anakhala pa kabati atafunditsidwa kansalu koluka, ndipo anthu ankabwera kudzaona makina enieniwo, osati filimu. Mwini wake ankavundukula, n'kudina rimoti, kathireyi n'kutuluka pang'onopang'ono ngati lilime la birimankhwe. Akadinanso, n'kubwerera. Chionetsero chinali chomwecho, ndipo ena ankawomba m'manja. TV yatsopano ya mabowo atatu inabwera ndi ndalama ya kaloba, imene chiwongoladzanja chake sitichitchula pano chifukwa mayi a kunyumba amawerenga tsamba lino.

Kenako panafika chimbale choyamba, chenicheni, chochokera kwa mlamu wake wa ku America, m'kabokosi kokongola kokutidwa ndi pulasitiki. Anaitana aneba, a landilodi ndi akuluakulu awiri a kutchalitchi. Tiyi anaphikidwa. Kathireyi kanameza chimbale, makina anang'ung'udza, ndipo pa TV panalembedwa mawu awiri okha: Wrong Region.

Mlembi wanu anadzadziwa mochedwa kuti eni mafilimu a ku Hollywood anagawa dziko lapansi m'zigawo zisanu ndi chimodzi, kuti chimbale chogulidwa kwina chisaseweredwe kwina filimu isanafike m'nyumba za kanema zakumeneko. America ndi Canada ndi chigawo 1. Ulaya, Japan ndi South Africa ndi chigawo 2. Zambia, pamodzi ndi mayiko ambiri a mu Africa, India ndi Russia, anaiponya m'chigawo 5. Atsamunda pogawana Africa ku Berlin mu 1884 sanatifunse, ndipo awa a zimbale nawonso sanaone chifukwa chotifunsira. Makina ake okwera mtengo aja anali omvera malamulo kuposa kapitawo wa mzungu: chimbale cha mlamu anachikana ngati munthu wopanda chitupa pa chipata cha Mwami. A landilodi anamaliza tiyi wawo, anayamika shuga, n'kunena kuti tsiku lina adzabweranso kudzaona mawu awiri aja.

M'mawa mwake munthu wamanyaziyo analowera m'tauni, kwa anyamata oyala zimbale m'makonde a masitolo. Mmodzi anamugwira dzanja. "Bakamba, iyi ni orijino, kiliya ngati galasi. Ikakana mubweze." Inali Titanic, ya James Cameron ya 1997, m'kathumba ka pulasitiki, nkhope ya Leonardo DiCaprio itatuwa ngati yaswera pa dzuwa la October. M'kathumbamo munali zimbale zitatu, ndipo mlembi wanu anasangalala poganiza kuti wapatsidwa mbasela.

Sinali mbasela. Sinalinso DVD. Inali VCD, mkulu wake wosauka wa DVD, amene anatuluka mu 1993 n'kufalikira kwambiri ku Asia. VCD imanyamula mphindi 74 kapena 80 basi, pamene DVD imanyamula 4.7 GB, malo oposa ma CD asanu ndi limodzi. Titanic ndi ya maola atatu ndi mphindi pafupifupi 15, choncho inayenera kudulidwa patatu ngati nkhuku ya alendo. Ubwino wake unali umodzi: VCD sidziwa malire a mayiko. Makina onyada aja anaimeza osafunsa chitupa, ndipo munthu amene analipira miyezi ya chilimba kuti aone chithunzi chowala anakhala pansi kuonera nkhope zopangidwa ndi timabokosi, zosasiyana kwenikweni ndi za kumsika kuja.

Koma usiku umenewo palibe anadandaula. Pabalaza panadzaza mpaka pakhomo, ana atakanirira pa mawindo ngati nalimata. Chimbale choyamba chinatha, chachiwiri chinalowa. Sitima inagunda, madzi anayamba kukwera, Rose anadula unyolo wa Jack ndi nkhwangwa, azimayi akufuula kuti mwana iwe usamale dzanja la mnzako. Chachiwiri chitangotha, magetsi anathima. Anthu anatuluka mumdima akupondana, ndipo kutacha chimbale chachitatu panalibe.

Kunena zoona sichinabedwe. Munthu wina anachibwereka mumdima momwemo, mwaulemu ndithu, ndipo mwini wake anayankha kuti tengani, poganiza kuti akupemphedwa machesi. Chodabwitsa n'chakuti mumzere wonsewo panalibenso wina wokhala ndi makina ochisewerera. Patapita mwezi, Junior anati anaona chimbale chofanana nacho chikulendewera pa galasi la dalaivala m'basi ya ku Chelstone. Wina anati chili pa sipoko za njinga ya wogulitsa makala. Mlembi wanu anagula kabuku kolembamo obwereka zimbale, ndipo kabukuko nakonso kanabwerekedwa.

Mnyamata wa m'tauni uja anali atasamuka khonde.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanavomera kuti mathero a filimuyo sakuwadziwa. Koma munthu amene watsika basi siteji isanakwane savomera zotere. Anthu atamufunsa kuti nanga zinatha bwanji, iye anakhosomola n'kunena kuti sitima ina inafika nthawi yabwino, onse anapulumuka, Jack anakwatira Rose, ndipo chibwenzi cholemera cha Rose chinamangidwa. Anawonjezera kuti ukwati wake unali wa kutchalitchi. Mathero amenewa anakondedwa kwambiri, moti Loweruka lililonse ankaonetsa zimbale ziwiri, chachitatu n'kuchisewera yekha pakamwa, ataimirira pafupi ndi kabati, rimoti ili m'manja.

Nyumba ija inasanduka holo. Chaka chomwecho ku Arcades kunatsegulidwa nyumba ya kanema ya Ster-Kinekor, kumene anthu ankalipira pakhomo n'kudzigulira okha mbuliwuli. Kwa mlembi wanu kulowa kunali kwaulere, tiyi waulere, chimbudzi chaulere, ndipo mwini holo nthawi zambiri ankaonera ataima chifukwa mpando wake unali ndi mlendo. Shuga wa mwezi ankatha pa sabata. A landilodi, amene anali ndi malo awoawo pa sofa, anaona kuti munthu wa makina otere sangakhale wovutika, ndipo anakweza lendi.

Kenako anafika a ku Nigeria, amene mafilimu awo ankabwera pa VCD zomwezi, ndipo azungu anaiwalika. Osuofia in London ya Nkem Owoh inaseweredwa mpaka chimbale chinatentha. Tianyamata tiwiri tija, Aki ndi Pawpaw, tinkakondedwa ndi ana mpaka tsiku limene zinamveka kuti Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme ndi akuluakulu ndithu, ndipo a landilodi anakana kukhulupirira mpaka imfa yawo. Ana a mu Stage 1 anayamba kulumbira kuti "Chineke!" ndi "Tufiakwa!", ndipo mlembi wanu ankapatsidwa moni wa "Igwe!" ndi anthu omwewo amene ankamumalizira shuga. Filimu iliyonse inkathera pakati, pa mawu akuti dikirani Part 2, zomwe zinamutonthoza pang'ono: sanali yekha wogulitsa nkhani zosatha.

Apongozi ake atabwera kuchokera ku Katete kudzakhala sabata imodzi, anakhala miyezi iwiri. Iwo sankaonera filimu, ankaweruza milandu. Patience Ozokwor akangoyamba kuzunza mkazi wa mwana wake, apongoziwo ankanyamuka pa mphasa, chala chili m'mwamba: "Mayi iwe, Mulungu akuona!" Akathira mankhwala m'chakudya, ankachenjeza wodyayo mokuwa, ndipo akadya ndithu ankakhumudwa kuti ana a masiku ano samva. Tsiku lina anatembenuka n'kuyang'ana mkamwini wawo nthawi yaitali, n'kunena kuti m'mafilimuwa mwamuna wowononga ndalama za banja amathera ku misala. Chainama ili pafupi, anatero, kungodumpha Great East Road.

Za ukatswiri wa mlembi wanu pa makinawa tisachulutse. Kwa miyezi ingapo ankalamula kuti chimbale chibwezedwe poyambira chisanatulutsidwe, monga ankachitira ndi matepi, ndipo ankachitadi zimenezo, chala chili pa batani, mpaka mwana wa giredi 6 anamufunsa kuti ankolo mukubweza chiyani. Chimbale chikakalika n'kuyamba kudodoma, nkhope ya munthu itauma kukamwa kuli yasa, ankachiuzira mpweya n'kuchipukuta pa malaya. Chikakanabe ankachipaka mankhwala otsukira mano. Pa miyezi imeneyo zimbale za m'nyumbamo zinali ndi mano oyera kuposa eni ake. Zonse zikalephera, ana ankangokhala pansi kuonera chizindikiro cha DVD chikuyendayenda pa TV, kudikira kuti chigunde pakona penipeni, ndipo chikagunda ankakuwa ngati Chipolopolo yagoletsa.

Ufumuwo unatha pasanathe zaka ziwiri. Aneba a kuseri, munthu wofatsa amene anaonera zaulere nthawi yonseyi osabweretsa ngakhale supuni ya shuga, anapita ku Kamwala n'kubwerako ndi makina a ku China a mtengo wosafika ngakhale theka. Dzina lake linkasiyana ndi la kampani yotchuka ya ku Japan pa chilembo chimodzi chokha. Makina amenewo analibe mwambo: chigawo 1, chigawo 5, chimbale chokalika, chimbale chosweka m'mphepete, zonse ankameza, ndipo anali ndi maikolofoni oimbira. Chimbale cha mlamu chija, chimene chinakhala pafupifupi zaka ziwiri ngati chokongoletsa pa kabati, chinasewera kumeneko tsiku loyamba. Posakhalitsa kunabwera zimbale za mafilimu 10 kapena 20 m'chimodzi, Van Damme yense m'kathumba kamodzi, ena ojambulidwa mobisa m'nyumba za kanema moti pakati pa nkhondo mutu wa munthu unkadutsa kupita kukataya madzi. Khamu lonse linasamukira kuseri, a landilodi patsogolo. Lendi sinatsike.

Ndipo m'chimodzi mwa zimbale zimenezo munali Titanic yathunthu.

Mlembi wanu anali pakhonde usiku umenewo, akumva kulira kwa azimayi kuseri kwa mpanda. Kenako kunangoti zii. Kenako anamva mapazi. Amene anayankhula m'malo mwa gulu anali mayi wina wa kwaya, maso ali psuu: "A neba, ukwati wa kutchalitchi uja unachitikira pansi pa madzi?" Iye anayesa kunena kuti mwina imeneyo ndi ya chigawo china, mathero amasiyana malinga ndi dziko. Palibe anaseka kupatula mayi a kunyumba, amene anaseka mpaka kukhala pansi.

Zambiri zasintha chichokereni nthawi imeneyo. Mu January 2013 kwacha inadulidwa maziro atatu, pini n'kusanduka K1, ndipo chaka chomwecho boma linabweretsa kachizindikiro kong'anima ka hologram komata pa zimbale zenizeni pofuna kuthana ndi zokopera. Koma anthu anali atayamba kale kunyamula mafilimu pa fulashi ndi pa foni, ndipo anyamata a m'makonde aja anayamba kugulitsa matchaja. Furiji inagulidwa mu 2009, ndi chilimba cha mayi. Makina a mlembi wanu akadali pa kabati, pansi pa kansalu komwe kaja, ndipo dikoda imakhala bwino pamwamba pake. Kathireyi kamatulukabe, koma kubwerera kamafuna kukankhidwa ndi chala.

Iye filimuyo sanaimalizebe. Junior, amene tsopano ali ndi ana akeake, wamuuza kangapo kuti ili pa foni, koma munthu amene analipira zimbale zitatu ali ndi ufulu woonera zimbale zitatu. Choncho inu amene munabwereka chachitatu mumdima usiku uja, kaya muli ku Stage 2, ku Mtendere kapena munasamukira ku Kitwe, chibwezeni. Chisiyeni pa kantemba ka pakona, musalembe dzina, mafunso sipadzakhala.