Ngongole yanga ikukana kukalamba

Mphwanga amene akuphunzira zamalamulo ku Lusaka anandibweretsera uthenga wokoma kuposa wa abusa. "Atsibweni," anatero, "ngongole wamba ikatha zaka 6 mwiniwake osakusumirani, mukangotchula zimenezo khoti limamubweza." Lamulolo linalembedwa ku England mu 1939, Zambia n'kulitenga momwemo. Taonani chikondi! Azungu a ku London ankandiganizira ine wa ku Lundazi, mzungu mnzawo Errol Button asanayambe n'komwe kumanga Castle ya kwathu kuno.

Yangatu ndi ya feteleza wa mu 2012, K300,000, kwa mwini golosale wina wa pa boma. Maziro atatu atadulidwa pa kwacha mu January 2013, inatsala K300. Ndinathokoza boma pondibwezera mbali yaikulu, n'kumadikira kuti limalize yotsalayo.

Ndinawerenga zaka pa zala, zala n'kutha. Ndili pafupi kuvina vimbuza, mnyamatayo anafunsa: "Koma simunaperekepo kangachepe? Kapena kusayina kalata yovomera?"

Ine ndine munthu waulemu. Chaka chilichonse ndikagulitsa thonje ndimaponyako K5 kuti mkuluyo asiye kundiyang'ana m'tchalitchi, ndipo ndimasayina m'buku lake ndi siginecha yopiringiza, kuti adziwe kuti sukulu ndinapitako. Kani K5 iliyonse imachititsa kuti zaka 6 ziyambe kuwerengedwa mwatsopano. Anzanga othawa ngongole, amene amadzera kuseri kwa msika, lamulo linawamasula kalekale. Ine waulemune ngongole yanga ikadali khanda, ndimaisambitsa ndekha chaka ndi chaka.

Mayi a kunyumba anangoti, "Bambo a ana, ngakhale zikanakwana zakazo, mukanapita kukamuuza za 1939?" Apo ananena zoona. Lamulo limatseka chitseko cha khoti chokha, silitseka pakamwa pa munthu, ndipo ngongoleyo siifa. Kuno timati mlandu suwola. Mkuluyo safuna loya. Ali ndi maliro, ukwati ndi mzere wa kuchigayo, kumene amandipatsa moni mokweza: "Muli bwanji, a feteleza?"

Dzulo ndinamupeza pakhonde akuphunzitsa mdzukulu wake kuwerenga, ndipo buku lophunzirira ndi lomwelo la angongole. Kamwanako "sukulu" kamalephera kutchula, koma dzina langa kamalitchula bwinobwino, ndi ndalama zake zomwe.