Supu wa kapado wautsa mapiri pachigwa ku Dedza

Juni akalowa kuno ku Dedza, anthu amadzuka atakumbatira manja m'khwapa ndipo moni amakhala wachidule. Tauni yathu ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo nkhungu ikatsika m'phiri m'bandakucha ngakhale agalu safuna kuchoka paphulusa. Koma sabata ino milomo yamasuka. Kuchigayo, pampopi, kwa ometa tsitsi ndi pasiteji ya akabaza, nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ya poto mmodzi amene anabwata Loweruka madzulo kuseri kwa mpanda wina wa kwathu.

Mayi wina wa pamzere wathu anaphika supu wa nyama ya nkhumba ndi ndiwo zamasamba, n'kumuika patebulo m'mabakuli, aliyense ndi supuni yake. Nsima panalibe. Amuna awo akuti anamwa bakuli loyamba, n'kupempha lachiwiri, thukuta kamukamu pamphumi ngakhale kunja kunali chisanu. Atatha anasamba m'manja bwinobwino n'kukhala chete, maso kukhitchini. Patapita kanthawi anafunsa mwaulemu kuti, "Kodi amayi, nsima ija yapsa?" Mwana amene anamva funsoli anakaliulula kusukulu Lolemba, ndipo pofika Lachiwiri linali litafika kumsika.

Akabaza ali kumbali ya bamboyo. Iwo akuti supu ndi msuzi wonyowetsera mbamu basi, ndipo munthu wopalasa njinga tsiku lonse sangagone atangomwa madzi a nyama. Wina wa iwo anati ngakhale mutamupatsa poto yense, iye akafika kunyumba adzanenabe kuti lero sanadye. Anzake anaseka mpaka wina anatsala pang'ono kugwetsa njinga. Ine ndimawamvetsa, chifukwa tonsefe tinakula tikudziwa kuti supu ndi uja amatsalira pansi pa mbale ya ndiwo. Koma amene analawa wa Loweruka uja akunenetsa kuti sanali madzi. Supuni inkatuluka itasenza kachewere, kaloti, zitheba ndi nthuli yofewa, ndipo msuzi wake unkamata milomo.

Kumata milomo kumeneko ndiye kwautsa mtsutso pakati pa amayi a pampopi. Ena akuti anathiramo ufa, ena akuti ndi zokometsera za m'mapaketi. Mwiniwake atafika ndi ndowa yake anangomwetulira n'kunena kuti chinsinsi chonse ndi fupa. Anagula theka la kilogalamu ya nyama ya paphewa, n'kupempha wogulitsayo kuti amuwonjezere mafupa ndi mwendo umodzi wowazawaza. Mafupawo anawaika m'madzi ozizira, malita atatu, asanateleke poto pambaula. Madzi atayamba kutentha, thovu lotuwa linayandama ndipo analiwengula ndi chipande mpaka msuzi unayera. Kenako anaphula makala ena kuti poto azingonong'ona, osati kubwadamuka, kwa maola awiri athunthu. M'mitsempha ndi m'khungu la mwendo wa nkhumba muli zinthu zimene zimasungunuka pang'onopang'ono pamoto wofatsa, n'chifukwa chake supu wotere akagona, m'mawa mumampeza atagwirana n'kumanjenjemera. Agogo ena amene anali pamzere anagwedeza mutu n'kuti, "Mwanawe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Anzakowa amafuna nyama ipse madzi osamba asanatenthe."

Nyama yeniyeniyo anaikazinga payokha m'mafuta ake omwe, mpaka inafiira mbali zonse, ndipo m'mafuta otsalawo anakazingamo anyezi awiri, adyo, kachidutswa ka jinja ndi matimati anayi. Zonsezi anazikhuthulira mumsuzi wa mafupa uja. Ndiwo zamasamba zinalowa motsatana malinga ndi kulimba kwake: kaloti poyamba, kachewere pambuyo, zitheba patapita mphindi khumi, ndipo kabichi ndi mpiru zinalowa kutatsala mphindi zisanu kuti aphule. Soda sanathiremo. Ine ndinaona ndi maso anga atabwerezanso Lachinayi: mpiru unatuluka uli wobiriwira ngati wangothyoledwa kudimba, ndipo pamwamba pa msuzi panali timaso ta mafuta tating'onoting'ono tonyezimira. Tsabola wa kambuzi anamuika pambali m'kambale kuti ana asalire.

Kumsika, ogulitsa mbatata ayamba kale kukangana za mwini ulemu wa supuyo. Wina akuti kachewere amene analowa m'poto uja ndi wa ku Bembeke, wina akuti ayi, ndi wa ku Tsangano, wachitatu akulumbira kuti anamuona mayiyo akutsika minibasi ndi jumbo ya ku Lizulu, pamsika uja wa pamsewu wa M1 pomwe ukangowoloka msewu wafika ku Mozambique. Mayi wogulitsa kabichi analowererapo n'kuti onsewo akhale chete, chifukwa popanda kabichi wake supu uja akanakhala wamasiye. Chimene ndinatolapo pamkanganowo ndi nzeru ya mayi wina wachikulire: mbatata ziwiri muzidule tizidutswa tating'ono kuti zisungunuke n'kulimbitsa msuzi, zotsalazo muzisiye zikuluzikulu kuti mano apeze chogwira.

Anyamata a pachiwaya nawo nkhaniyi yawakhudza. Kwa iwo kapado ndi wokazinga, wothira mchere ndi tsabola, wodyera choimirira ndi kamtengo. Mmodzi anandiuza kuti kuwiritsa nkhumba n'kuilanda ulemu. Koma mnzake wa pambali, yemwe ali ndi ana anayi, anawerengera pa zala kuti theka la kilogalamu pachiwaya amatha anthu awiri asanakhale n'komwe pansi, pamene m'poto wa mayi uja munadya anthu asanu ndi mmodzi ndipo wina anatsalira wa m'mawa. Woyamba uja anakanda mutu n'kufunsa kuti mafupawo amawiritsa nthawi yaitali bwanji.

Kubutchala nkhani inafika pena polemerera, ndipo apa ndikufuna aliyense amve. Bambo wogulitsa nyama anali kulangiza makasitomala kuti asamagule nkhumba yophedwa mobisa chifukwa chotchipa. Nyama yoyezedwa ndi alangizi a ziweto imakhala ndi chidindo. Anatenga mpeni n'kucheka mnofu kuti tione mkati mwake, wofiirira bwino, wopanda kanthu. Anati mukaona timibulu toyera ngati mpunga mumnofu, ena amati masese, nyamayo isiyeni. Timibuluto ndi ana a njoka za m'mimba, ndipo munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino njokayo imakula m'matumbo mwake. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo akalowa m'thupi la munthu kudzera m'manja osasamba kapena m'madzi akuda amatha kukafika kuubongo n'kuyambitsa khunyu. Mayi wina woweta nkhumba anawonjezera za chigodola, matenda opanda mankhwala amene amatha kupulula khola lonse m'masiku ochepa. Munthu sadwala nawo, koma kachilombo kake kamakhalitsa munyama, choncho madzi otsukira nyama ndi zotsala zosaphika zisamapite kukhola. Anthu amene anali pamenepo anamvetsera mwachidwi, ndipo mtsikana wina anabwerera kukayang'anitsitsa nthuli yake asanaiike m'jumbo.

Si onse pamzere wathu amadya nkhumba. Tili ndi banja lachisilamu kumapeto kwa mzere, ndipo moyang'anana nalo muli a mpingo wa Seventh Day, amene amatsata lamulo la pa Levitiko 11. Mayi wophika uja ali ndi poto wapadera wa kapado amene sabwereketsa, ndipo anansiwo akabwereka ziwiya amawapatsa zina zimene sizinakhudzepo nyamayi. Zimenezi zimandisangalatsa kwambiri. Ndipo nzeru ya supuyo yadumpha mpanda bwinobwino: a Seventh Day anayesa ndi nkhuku yachikuda, kwa Asilamu kunamveka fungo la mafupa a mbuzi, ndipo onse awiri akuti moto wofatsa uja unagwira ntchito chimodzimodzi. Tsopano pampopi pabuka mkangano watsopano woti mwa atatuwa wonunkhira kwambiri ndi uti, ndipo agogo aja adzipereka kuti alawe onse asanagamule.

Wometa tsitsi wathu, yemwe nkhani simudutsa, ndiye wabweretsa mathero a bambo wofunsa nsima uja. Akuti Lachinayi mayi anaphika kansima kakang'ono pambali pa supu, kuti mtendere ukhalepo. Bamboyo anatema mbamu imodzi, n'kuiviika m'bakuli, n'kudya. Kenako anatenga supuni. Kansima kaja anakadyera ana m'mawa popita kusukulu. Dzulo ndinawaona bamboyo kubutchala, jekete atamanga mpaka m'khosi, akuloza ndi chala n'kunena kuti, "Achimwene, mundiikire mwendo uwo, ndipo muuwaze bwino."