Mlandu wa Chenji pa Ngabu

Pa Ngabu, pamene dzuwa la Okutobala limaŵeruza olungama ndi osalungama mosakondera, mwini nyumba ina yodyera m'mbali mwa msewu wa M1 anakana kukweza malipiro a mtsikana woperekera nsima, nanena kuti mlendo aliyense, tikasonkhanitsa zonse ndi kugaŵa mofanana, amamsiyira K500 ya fanta.

Mkulu wina, amene anachita imvi akuyeza thonje m'minda yoyeserera mbewu, atamva mawuwo anakhala pansi ndi kope lake, nalongosola kuti nzeru ya mlandu wotere anaitulukira William Gosset, wogwira ntchito mofulula moŵa wa Guinness ku Dublin, m'chaka cha 1908. Ndi kuti mawu a mwini malo ayesedwa osalakwa, monga woimbidwa mlandu pabwalo la mfumu, kufikira alendo 30 apereke umboni wosiyana nawo kutalitali, kotero kuti mwayi wokha sukadaubweretsa koposa kamodzi pa 20.

Koma Gosset sanadziŵe anthu a kuno. Wogula ng'ombe anafuula kuti "Sunga chenji, mwanawe!" mpaka a kabaza panja anatembenuka, chenjicho chili K50. Mkulu wa mpingo, potsata Petro wa pakhomo la Kachisi, anasiya dalitso, limene mwini kope anavutika nalo posadziŵa mzere woliikamo. Mlimi wa thonje, amene m'nyengo yogulitsa amaitana aliyense kuti mlamu, tsopano anaŵerenga ndalama zake kaŵiri, nafunsanso ngati msuzi woonjezera ngwaulere. Ndipo mbiri itawanda kuti maina akulembedwa, anthu amene chibadwire sanasiyepo ngakhale fupa lokhala ndi mnofu anayamba kupatsa moonetsera, popeza kupatsa n'kuika, makamaka pali mboni. Ena anabweranso madzulo mwakachetechete kudzabwereka zomwe anasiya masana.

Potsiriza anaima bwana wa galimoto yoyera wochokera ku Blantyre, wopita ku Nsanje, nasiya K10,000 chifukwa chosoŵa nthaŵi yodikira chenji, ndipo munthu mmodziyo anakweza ulemu wa mudzi wonse.

"Nanga mwapeza chiyani, agogo?" anafunsa mtsikanayo.

"Umboni ngwomwazika, mdzukulu wanga, sindingawatsutse abwana ako, komanso sindinganene kuti anena zoona. Pafunika alendo ena 30."

Natero anakokera mpando wake kufupi ndi fani, naitanitsa madzi ozizira, amene pamalopo salipiritsa.